Mbale za Apongozi

Manja ndiwo anayamba. Ndikusenda nshawa pakhonde, anangoyamba kunjenjemela okha, mtima uli gu gu gu ngati yandithamangitsa ng'ombe. Thukuta linkatuluka ngakhale mu June, kudya ndinkadya koma chitenje chinkangomasuka. Mwana akakhosomola pang'ono, ine m'maganizo maliro ayamba kale.

Ndinati andilodza basi. Ndani? Apongozi anga, poti tinali titayambana nkhuku zawo zitandithela matimati.

Koma ndi iwo omwewo amene anandikokela ku kiliniki kwa Magodi, atabeleka khanda langa kumsana. Nesi anandigwila pakhosi n'kunditumiza ku boma kukapimitsa magazi. Kumeneko anati chithokomilo, kachiwalo ka pakhosi, chikutulutsa mahomoni ochuluka, ndiye chimathamangitsa mtima n'kubweletsa mantha opanda mutu. Mapilitsi ndikumwa, ndipo manja anakhazikika.

Chimene sindinawauze apongozi mpaka lelo ndi ichi. Kwa miyezi iwili, mbale iliyonse imene ankabweletsela adzukulu awo, kaya futali, kaya nyemba, ngakhale nkhuku, ndinkailandila nditagwada, "Yewo, amama," kenako n'kuzembela kuseli kwa nkhokwe kukapatsa galu. Ana ndinkawauza kuti azipukuta pakamwa ngati adya. Ine n'kukhala pamtondo kudikila kuti galuyo agwe.

Tsiku lina apongozi anamuyang'anitsitsa.

"Mkamwana, galu uyu mukumudyetsa chiyani? Wanenepa kuposa amuna anu!"

Ndinayang'ana pansi.

"Amagwila mbewa, amama."