Nsapato za Indalecio

Virtudes Membrive anali munthu wamantha, ndipo sankabisa. Ku El Ejido, kumene analongedza tomato m'makatoni kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ataimirira pamalo amodzimodzi, anzake apantchito ankadziwa kuti iye sakwera chikepe, sadya bowa, ndipo akatseka gasi kunyumba amabwerera kawiri kukaona ngati watsekadi. Akamuseka ankangoti anthu olimba mtima a m'banja mwawo ambiri ali kumanda. Mwamuna wake, Baldomero, anazolowera. Iye zake zinali mbalame zoimba zimene ankaweta pakhonde, ndipo ulendo wake wautali unali wopita kubala ya pakona kukasewera makadi.

Choncho anthu atamva kuti mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi ameneyu wagula chikwama chobereka kumsana ndi nsapato zokwerera mapiri, anayesa nthabwala. Koma mwini nkhani anali mlongo wake wamkulu, Indalecio. Bamboyu anayendetsa malole moyo wake wonse, ndipo mkazi wake Angustias atamwalira, nyumba inamukulira. Analengeza kuti ayenda wapansi kuchokera kunyanja ku Almería mpaka kumudzi kumene kunabadwira mayi awo, kuseri kwa Huéscar, ulendo wa masiku khumi ndi asanu ndi atatu wodutsa m'chipululu. Virtudes analira, anaimbira ana a Indalecio, anakadandaula ngakhale kwa dokotala wake. Zonse zitakanika anaika mantha ake awiri pasikelo, oopa chipululu ndi oopa kukhala kunyumba akudikira foni, n'kuona kuti achiwiriwo ndiwo sangawapirire.

Ananyamuka kumapeto kwa Meyi. Pofika tsiku lachinayi masiku anali atayamba kufanana. Ankadzuka kum'mawa kukungoyamba kufiira. Virtudes ankayamba ndi kukutumula nsapato zonse zinayi kuopa zinkhanira, pamene Indalecio ankawiritsa khofi pakachitofu ka gasi ndi kudula buledi wouma, n'kumuthira mafuta a maolivi ndi mchere. Akapinda tenti ankayenda mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kenako inali ntchito yofuna mthunzi, pansi pa mlatho kapena kuseri kwa khoma la nyumba yogumuka, kumene ankagona chagada ntchentche zikuwayenda pamilomo mpaka cha m'ma folo koloko. Dzuwa likapendeka ankayendanso maola awiri. Asanadye, Virtudes ankawotcha singano pamoto n'kuboola matuza a onse awiri, ulusi n'kuusiya momwemo kuti madzi azituluka. Masokosi ankawachapa ndi kapu imodzi ya madzi, mawa lake n'kuwapachika pachikwama kuti aziuma akuyenda.

Mkangano wa tsiku ndi tsiku unali wa madzi. Virtudes ankanyamula malita asanu, mapewa n'kusupuka. Indalecio ankanyamula atatu basi.

"Mtsikana iwe, ukusamutsa nyanja?" ankamufunsa choncho. Ankamutchabe mtsikana ngakhale mutu unali utayera.

"Tsiku lomwe mudzandipemphe, achimwene, ndidzakugulitsani," Virtudes ankayankha.

Njoka anaziona ziwiri zokha, zonse zikuthawa. Agalu a abusa, aakulu ngati ana a ng'ombe, anawatsekereza njira kamodzi ku mapiri a Filabres, Virtudes n'kuima njo kuseri kwa mlongo wake mpaka mbusa atawaitana. Koma chimene chinkamuopsa kwambiri chinali kusowa kwa anthu. Anazolowera phokoso la makina ndi amayi makumi anayi akulankhula nthawi imodzi. Kuno munthu ankamva magazi ake akugunda m'makutu. Nthawi zina ankacheuka atamva mapazi kumbuyo, n'kupeza kuti ndi madzi akukhuthuka m'mabotolo ake omwe. Chinthu chimodzi chokha chabwino chimene anavomereza n'chakuti miyendo yake, yomwe inkatupa madzulo alionse kwa zaka zonsezo, inasiya kutupa.

Pa tsiku lakhumi ndi chimodzi anadzadza mabotolo pampope wa m'mudzi wa Gorafe. Mayi wogulitsa m'sitolo anawauza kuti mphepo yotentha yochokera kumwera ikubwera, ndipo akanakhala iye akanagona pamudzipo masiku awiri. Indalecio anaseka. Anati anayendetsa lole mpaka ku Morocco mwezi wa Ogasiti yopanda choziziritsa chilichonse, ndipo mapu a pafoni akuonetsa chitsime pafamu yakale, mtunda wa makilomita khumi ndi asanu ndi awiri okha. Virtudes anagula botolo lina lachisanu ndi chimodzi.

Kupitirira Gorafe dziko ndi lofiira ndi long'ambika, zigwembe zokhazokha zolowana, zonse zofanana. Mphepo inafika isanakwane naini koloko. Inali ngati mpweya wotuluka mu uvuni wa buledi, ndipo thukuta linkauma lisanatsike n'komwe. Anasochera kamodzi, n'kutaya ola lathunthu m'khwawa lomwe linathera pachiphompho. Madzi a Indalecio anatha dzuwa lisanafike pamutu. Virtudes anamupatsa botolo limodzi, ndipo nthabwala yogulitsa ija palibe anaikumbuka.

Anafika pafamu yakaleyo cha m'ma wani koloko. Panali makoma awiri, mtengo wouma, ndi zipinda zitatu zokumba m'phiri ngati mapanga, monga momwe anthu a kumeneko ankakhalira. Indalecio anasuntha chitsulo chovundikira chitsime. Virtudes anaponyamo mwala. Unagwa pouma, n'kudzutsa fumbi ndi fungo la chinyama chofa kalekale.

Anawerenga zotsala. Lita imodzi ndi theka, ndipo mudzi wotsatira unali makilomita khumi ndi awiri kutsogolo. Virtudes anati akhale m'phanga limodzi mpaka dzuwa litapendeka. Indalecio sanatsutse, ndipo zimenezi ndi zomwe zinayamba kumudetsa nkhawa Virtudes, chifukwa mlongo wakeyo ankatsutsa chilichonse. Indalecio anakhala pansi atatsamira khoma, maso ali gwa pakhomo. Patapita nthawi anayankhula.

"Angustias, wauza mnzanga uja kuti matayala akumbuyo atha? Sitifika nawo ku Perpignan."

Virtudes anamugwira pachipumi. Khungu linali lotentha ndi louma ngati mwala wa padzuwa, popanda ngakhale kadontho ka thukuta. Kuntchito kuja ankawaphunzitsa chaka chilichonse za amuna okomoka ndi kutentha m'minda yofundidwa ndi mapulasitiki, ndipo iye yekha ndiye ankamvetsera. Anamuvula malaya, kuwanyowetsa ndi theka la lita, n'kumufunditsa pakhosi ndi m'khwapa. Anamumwetsa pang'onopang'ono, koma Indalecio anasanza. Foni inalibe netiweki. Inalibe kuyambira m'mawa.

Anatuluka panja n'kuyang'ana m'mwamba. Pamwamba pa zigwembezo panali chitunda chathyathyathya, ndipo anadziwa kuti ngati foni ingagwire, ingagwire kumeneko. Koma atacheuka anaona Indalecio akudzuka, akufufuza makiyi a lole m'matumba. Anamukhazika pansi. Anadzukanso. Virtudes anagwada, anamasula zingwe za nsapato zake n'kumuvula, ngati mmene amachitira mwana. Anazimanga pamodzi n'kuzikoleka m'khosi mwake. Munthu wopanda nsapato sangapite kulikonse pa nthaka yoyaka chonchi, anadziuza.

"Achimwene, ndikubwera. Musachoke pano. Lole ikukonzedwa, mwamva? Dikirani pomwepa."

Indalecio anagwedeza mutu movomera. Virtudes anamusiyira botolo pambali, iye n'kutenga madzi osakwana kapu.

Munthu amene sankakwera ngakhale pampando kuti asinthe babu anakwera chitunda chimenecho chokwawa. Dothi linkagumuka m'manja mwake. Kawiri anatsetsereka chamimba, mawondo n'kusupuka, nsapato zija zikumumenya pachibwano. Sanayang'ane pansi, koma m'mwamba namo munalibe chotonthoza, chifukwa miimba inayi inkazungulira, ndipo ngakhale ankadziwa kuti imazungulira tsiku lililonse, mtima sunamve zimenezo. Lilime linamamatira kumkamwa. Ankaganiza za ana a Indalecio ndi mawu amene adzawauze. Ankaganizanso kuti akakomoka pano, onse awiri adzapezeka sabata yamawa, wina pamwamba wina pansi.

Pamwamba foni inaonetsa kamzere kamodzi. Anaimba nambala yangozi. Mayi amene anayankha anamufunsa kumene ali, ndipo Virtudes anayang'ana uku ndi uku n'kuona zigwembe zokhazokha mpaka kumene maso amathera. Anayamba kulira. Mayiyo anamulankhula mofatsa, kumuuza pomwe adine pamapu, ndipo Virtudes anawerenga manambala aja mmodzimmodzi, kenako n'kubwereza. Mayiyo anamuuza kuti galimoto inyamuka pompano koma msewu ndi woipa, ingatenge maola awiri. Abwerere kwa wodwalayo, amuziziritse, asamusiye yekha.

Kutsika kunali koopsa kuposa kukwera. Anatsika chokhala, thalauzi n'kung'ambika. Atafika pakhomo la phanga anaitana. Zii. Mkati munali zikwama ziwiri, malaya onyowa aja pansi, ndi botolo litagwa, madzi atamwedwa ndi fumbi. Indalecio munalibe.

Virtudes anafuula dzina lake mpaka mawu anasasa, ndipo zigwembe zinkangomubwezera. Anathamangira kuchitsime choyamba, n'kusuzumira. Munalibe. Anaima, manja ali pamutu, nsapato za mlongo wake zikulendewera pachifuwa. Anaona kuti nzeru yake yomwe ndi imene yamuwotcha mapazi munthu uja. Kenako anaweramira pansi. M'fumbi munali mapazi osalala, a munthu wovala masokosi okha, olowera kukhwawa.

Anawatsata. Ankapita mokhotakhota, pena n'kusowa pamiyala, n'kuonekanso kutsogolo. Patsogolo pang'ono anapeza sokosi imodzi. Atakhota pachigwembe chachiwiri anamuona, atagwada pamchenga pafupi ndi chitsamba, msana uli pamtunda, akukumba ndi manja. Dzenje linali litafika m'zigongono.

"Atate ankati madzi amakhala pansi pa chitsamba chotere," Indalecio anatero osacheuka. "Bwera undithandize, Virtu."

Anamutchula dzina lake, osati mtsikana monga mwa nthawi zonse, ndipo Virtudes sanadziwe ngati chimenecho n'chizindikiro chabwino kapena choipa. Kumubweza kuphanga sakanatha, bamboyo anali wolemera ndipo pansi pa mapazi ake panali patatuza paliponse. Anathamanga kukatenga tenti, n'kuikoleka pachitsamba ndi pandodo zoyendera kuti ipange mthunzi. Mchenga wa pansi pa dzenje lija sunali wonyowa, koma unali wozizirirapo, choncho ankautapa n'kumupaka pakhosi ndi pachifuwa. Madzi ake otsala aja ankamudonthezera pamilomo ndi chivindikiro cha botolo. Kenako anakhala akumupepesera mphepo ndi chipewa, dzanja lina lili pamtsempha wa pakhosi pake, akuwerenga. Indalecio anatseka maso. Virtudes ankamutsina akakhala chete nthawi yaitali, ndipo ankamufunsa mayina a midzi ya mumsewu wa ku France, iye n'kumayankha ina molondola, ina ayi.

Virtudes anazindikira mochedwa kuti manambala amene anapereka anali a pachitunda paja, osati a m'khwawa muno. Mantha atsopano anamugwira, akuti abwera, ayang'ana, n'kubwerera. Atamva kulira kwa injini chapatali anasiya chipewa, anathamangira kufamu kuja, n'kusolola chofunda chonyezimira m'chikwama, n'kumachigwedeza akufuula ndi mawu amene analibenso. Galimoto inaima pamwamba. Anthu awiri anatsika, mwamuna ndi mkazi, atanyamula zikwama zofiira.

Indalecio anagona m'chipatala masiku asanu. Impso zinatsala pang'ono kuleka kugwira ntchito, ndipo dokotala anauza Virtudes kuti likanapita ola limodzi lina akanamwalira. Baldomero anabwera pabasi, atavala jekete ya ukwati pakutentha konseko, ndipo ataona mawondo a mkazi wake anakhala pansi pabenchi n'kuphimba nkhope.

Indalecio sakumbukira chilichonse kuyambira pamene anasuntha chitsulo cha pachitsime. Kwa anzake amafotokoza kuti anachita kachizungulire pang'ono, mlongo wake n'kuchita phuma monga mwa nthawi zonse. Virtudes samutsutsa pagulu. Kwa milungu ingapo, foni ya mlongo wake ikalira kawiri osayankhidwa ankavala nsapato kuti apite.

Kumudzi kwa mayi awo anakafika mu Novembala, pabasi, onse atatu ndi Baldomero. Nyumba imene anabadwiramo mayi awo anaipeza itagulidwa ndi banja lina lochokera ku Murcia, lomwe linawalola kulowa ndi kuwapatsa khofi. Indalecio anayendayenda m'zipinda akutsimphina, n'kunena kuti ankayesa kuti inali yaikulu kuposa pamenepa. Anakhala theka la ola, chifukwa basi yobwerera inali imodzi yokha.