Mkamwana Wochokera ku Bulawayo

Ine kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni ku Mzimba, kwa Angoni. Kwathu mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Kuno anandilowola ndi ng'ombe, ndipo amene ndinasamuka ndine. Ndinayamba kutchedwa mkamwana, dzina limene amapatsa mkazi wokwatiwa pamudzi pa amuna ake. Chitumbuka ndinachiphunzirira pamtondo ndi kudambo, moti patapita zaka zingapo ndinkatha kukangana nacho bwinobwino.

Amuna anga anali ndi akulu awo amene anapita ku Rodeshiya ine ndisanabwere. Ankagwira ntchito m'fakitale ku Bulawayo, ndipo pamudzi anali atawaika kale m'gulu la matchona. Nkhondo ya kumeneko itafika povuta, tsiku lina masana tinangoona ngolo ya ng'ombe ikulowa pamudzi. Munali masutikesi, alamu angawo, ana awiri, ndi mayi wamtali atakhala pamtolo wa zofunda. Anali atazungulira ku Botswana ndi ku Zambia n'kulowera cha ku Lundazi.

Mayiyo anali mkazi wawo, Mndebele. Anatsika m'ngolo atavala diresi lolekeza m'mawondo. Apongozi aakazi asanapereke n'komwe moni anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi chitenje kudzamukulunga. Masiku amenewo anyamata a chipani akakuona ndi chovala chachifupi ankakuchititsa manyazi pagulu.

Chitumbuka sankachimva ngakhale pang'ono. Amayi akamulankhula ankangomwetulira, maso ali pansi. M'mawa mwake tikupita kukatunga madzi ndinapunthwa pamwala n'kudandaula m'Chichewa. Iye anaima.

"Mlamu, inu mukhuluma Chinyanja?"

"Ndicho chakwathu," ndinatero. "Nanga inu munachimva kuti?"

Anati ku Bulawayo ankapemphera ndi anthu a ku Nyasalande, ndipo oyandikana nawo nyumba anali Achewa a ku Dedza. Chichewa chake chinali chopindika, chodzaza mawu akwawo, koma tinkamvana. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala pakamwa pake. Akafuna mchere kwa apongozi, ndine. Mwana akatentha thupi, ndine ndinkapita naye kuchipatala kukafotokoza. Ndinamuphunzitsa kusoka fodya m'chigafa ndi kupalira, pakuti iye anakulira m'tauni ndipo khasu linamutupitsa manja mwezi wathunthu. Sankadandaula pagulu. Koma kudambo ankandiuza kuti mayi ake anawasiya akudwala, ndipo sakudziwa ngati adzawaonanso.

Titakolola chaka chimenecho kunachitika ingoma, gule wa Angoni, pafupi ndi khola lalikulu. Amuna anavala zikopa, zishango ndi zibonga m'manja, akuponda pansi mpaka fumbi kukwera. Ife amayi tinaima pambali tikuomba m'manja n'kumavomereza. Nyimbo zambiri za ingoma ndi za Chingoni chakale, chimene pamudzi pathu chinali chitatha pakamwa pa anthu. Tinkaziimba momwe tinazimvera, osadziwa mawu ake. Apongozi aamuna, amene ankatsogolera gule, ankati zonse ndi zankhondo.

Atayambitsa nyimbo ina, ndinamva mlamu wanga wamkazi uja akuvomereza pambali panga. Sankatsatira ife. Ankatchula mawu ake momveka, lilime likuthetheka m'kamwa momwe Andebele amachitira, misozi ikutsika. Amayi oyandikana nafe anasiya kuomba n'kumamuyang'ana. Apongozi aamuna anacheuka kamodzi, kenako anapitiriza kuvina.

Mawa lake anatuma apongozi aakazi kudzatiitana. Tinachita mantha, chifukwa mkamwana salankhula ndi apongozi ake aamuna. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada patali. Tinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ana awo awiri, amuna athu, ali pambali. Ife tinagwada kutali, kuseri kwa nkhokwe.

"Afike pafupi," anatero m'Chitumbuka.

Apongozi aakazi anakana, nati mwambo sulola. Pamenepo mdalayo anauza amuna anga kuti agwire nkhuku ziwiri. Imodzi anapatsa mlamu wanga, ina ine, kuti atitsegule pakamwa. Ine ndinali nditakhala pamudzipo zaka zambiri osalankhulapo nawo, ndipo nkhuku yangayo ndinailandira chifukwa cha mlendo.

Mdalayo anafunsa kuti mlamu wanga analira chiyani pa nyimbo yankhondo. Ine ndinamasulira funsolo m'Chichewa. Mlamu wanga anati si mawu onse amene anawamva, ena anali atapindika kwambiri, koma zimene anamva n'zakuti mtsinje wadzaza, ng'ombe zikukana kuwoloka, ndipo woimbayo akuitana mayi ake amene atsala kutsidya.

"Mulibe mkondo m'menemo?" anafunsa mdalayo.

"Ine sindinaumve, baba."

Anamuuza kuti aimbenso pang'onopang'ono. Anaimba. Pa liwu lina anakangana ndithu. Mlamu wanga ankati likutanthauza ana a ng'ombe, mdalayo ankati ndi anyamata ankhondo, ndipo sanagonje mpaka imfa yawo. Koma za mtsinjewo anavomera msanga. Anati umenewo ndi Zambezi. Agogo awo anawauza kuti Angoni anachokera kum'mwera kwenikweni, kuthawa nkhondo za mfumu ina yoopsa, ndipo tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Anayenda mpaka ku Ufipa, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo mfumu yawo itamwalira kumeneko anagawikana, ena n'kubwerera kudzakhala kuno.

Nditamasulira, mlamu wanga anaomba m'manja. Anati makolo akenso anathawa mfumu yomweyo, koma iwo anadzera njira ina n'kukamanga ku Bulawayo.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo mapu a Afirika ndinkawadziwa pamtima chifukwa aphunzitsi athu ankatijambulitsa mpaka manja kuwawa. Pakamwa pangapo pokhala potsegula, ndinapempha kuti ndiwaonetse. Ndinatenga chitsononkho n'kujambula pansi: kumtunda kotambalala, kumunsi kosongoka. Ndinaika mwala kum'mwera kumene anachokera, ndinalemba mzere wa Zambezi, mwala wina ku Ufipa, wina ku Bulawayo, njere ya chimanga pa Mzimba. Mdalayo anatsika pampando n'kunjuta. Anayendetsa ndodo yawo kuchokera pamwala woyamba kukafika ku Ufipa n'kubwerera panjereyo.

"Ulendo wonse uja ndi kano kokha?"

"Ndi komweko, adada."

"Nanga uku konseku?" Analoza kumtunda kumene ndodo yawo sinafike.

Ndinawauza za nkhalango za ku Kongo, kumene aphunzitsi ankati ife Achewa tinachokera, za mtsinje wa Nailo, ndi za chipululu chachikulu chamchenga kumene anthu amayenda pa ngamira. Alamu anga aamuna anawonjeza kuti m'fakitale mwawo munali anthu a ku Mozambiki, a ku Angola ndi a ku Zambia, ambiri atakwatira komweko, ana awo osadziwa n'komwe kwawo kwa abambo awo.

Mdalayo anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Uyu wa ku Kongo, uyu wa ku Bulawayo, ine wa kum'mwera. Ndiye pano mwini wake ndani?"

Apongozi aakazi, amene anali Mtumbuka, anayankha ali chikhalire pamphasa. "Ndine. Munandipeza pano ndikulima, munandilanda ndi ng'ombe zomwe, ine n'kukulandani chiyankhulo. Mbwenu, basi tafanana."

Tonse tinaseka, mdalayo mpaka kutsokomola. Ine ndinkadziwa kuti kusukulu ankatinso Atumbuka nawo anachita kubwera, koma ndinaona kuti mawu a tsiku limodzi andikwanira.

Kuchokera pamenepo mdalayo ankamuitana kawirikawiri mlamu wanga. Ankakhala pansi pa mango uja masana, iwo akukumbukira nyimbo ndi mawu otamandira mafumu, iye akuwauza zimene wamva. Poyamba ndinkakhala pakati kumasulira, koma posakhalitsa sanandifunenso. Mdalayo anayamba kukumbuka Chingoni chimene ankamva ali mwana, iyenso Chitumbuka chinayamba kumulowa. Amuna ena pamudzi sanakondwere nazo, ankati mkazi wobwera asatiphunzitse gule wathu. Mdalayo sanawasamale, ndipo ingoma ya chaka chotsatira amayi tinavomereza nyimbo zitatu momwe iye anatikonzera.

Nkhondo itatha, dziko lija litasintha dzina kukhala Zimbabwe, mlamu wanga anapita kukaona kwawo. Ambiri ankati sadzabwera. Ine sindinakayike, chifukwa anandisiyira ana ake ndi nkhokwe yake ya mtedza. Anakapeza mayi ake atamwalira kale, abale ake ena atasamukira ku Joni, nyumba imene anakuliramo mukukhala anthu ena. Anabwerera mvula isanayambe, atasenza makina osokera a malemu mayi akewo.

Makinawo anawaika pakhonde la sitolo ina ku Manyamula. Masiku a msika tinkapita awiri pa njinga za amuna athu, makadi a chipani titamanga pakona ya chitenje, iye kukasoka, ine kukagulitsa nyemba. Mayunifomu a ana asukulu a dera lonselo ankadutsa m'manja mwake, ndipo mwana wanga wamkazi woyamba anaphunzira kusoka pamakina omwewo.