A Dikirani ndi Ampu Yawo ya Mababu

Mkazi wawo amati anakwatiwa ndi woimba gitala, koma chimene wamva m'nyumbamo zaka zonsezi ndi nsambo imodzi basi. Ting'. Chete. Ting'. Kenako bambo kupukusa mutu ngati alawa ndiwo zopanda mchere.

Masana bamboyu ankakonza mafiriji, ndipo kumeneko anali munthu wabwinobwino. Matenda ankayamba akaweruka. Anali ndi ampu, bokosi lokuzira mawu a gitala, yachikalekale, yolemera ngati thumba la simenti, yokhala ndi mababu agalasi kumbuyo amene amafiira akatentha. Ampu zamakono ankati ndi zidole za ana. Jazi weniweni, iwo amatero, amafuna mawu ofunda, onenepa, osabaya m'khutu, ndipo mawu otero amachokera m'mababu okha. Tsono mababuwo sagwira ntchito bwino ali ozizira. Mlendo akati tiimbireniko kanyimbo, yankho linali limodzi: "Dikirani atenthe." Msewu wonse unawapatsa dzina loti a Dikirani, iwo n'kumavomera monyadira ngati ndi digiri.

Mukuganiza kuti akatentha ankaimba? Ayi ndithu. Ankayamba kupotokola timabatani. Ampu aikweze pampando, aitsitse, aiyang'anitse kukhoma. Bulangete labwino la m'nyumbamo analikhoma pazenera kuti mawu asabwerere. Chipinda chimene chikanakhala cha mwana wawo wamkazi chinali cha ampu, mwanayo anakulira pabalaza. Anzawo amene anayamba nawo bandi anathawa mmodzimmodzi asanaimbe n'komwe pagulu.

Mwana uja atapeza banja, anawapempha chinthu chimodzi.

"Ababa, mphatso sindikufuna. Mudzandiimbire nyimbo imodzi ndikamadzalowa mu holo. Koma yathunthu."

Mayi ake anamukokera kukhitchini. "Mwanawe, upezeretu wa kiyibodi akhale pafupi. Bambo akowa ndimawadziwa ine."

"Ayi amayi. Ndinawamvapo kamodzi ndili wamng'ono, chitseko chili chotseka. Amatha."

Mayiyo ankadziwa kuti zinali zoona. Munthuyo ankathadi, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri n'chomwecho. Akanakhala mbuli bwenzi atawakhululukira kalekale.

Tsiku la ukwati a Dikirani analawirira ku holo anthu asanabwere. Anapotokola, anasuntha, anamvetsera pakati pa mipando yopanda anthu, n'kubwerako mano onse ali pamtunda.

"Mayi, ndawapeza. Zaka zonsezi, lero ndawapeza mawu aja."

Timabatani tonse anali atatimata tepi kuti wina asakhudze, ndipo ampu anaisiya yoyaka kuti isazizire. Kumuperekeza mwana mpaka kutsogolo anawasiyira malume ake, poti iwo manja adzakhala ali pa gitala. Mkazi wawo, wopusa naye, anayamba kukhulupirira.

Anthu anadzaza holo, masuti, majekete, madiresi ambirimbiri. A Dikirani anakhala pampando wawo pafupi ndi njira yodutsa mkwatibwi, n'kukhudza nsambo kuti ayese. Nkhope inagwa. Aliyense amene anaimbapo pagulu amadziwa kuti holo yopanda anthu imalira, koma ikadzaza, matupi ndi zovala zimameza mawu. Katswiri wathuyu sankadziwa, chifukwa moyo wake wonse ankaimbira bulangete.

"Anthuwa akundidyera mawu," ananong'oneza mkazi wawo. "Simungawauze a kutsogolowa avule majekete?"

"Bambo, chonde, ingoimbani. Palibe amene adziwe kusiyana kwake."

"Ine ndidziwa."

Anamatula tepi ija, n'kugwada pa ampu gitala ili pakhosi, msana atalozetsa kukhomo. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, anthu onse anaimirira. Mkwatibwi anaima pakhomo atakolowekana mkono ndi malume ake, maso ali pa bambo ake.

Ting'. Chete. Ting'.

Mayi uja manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Anawerama. "Mwana waima pakhomo."

"Ndatsala pang'ono."

Mtsikanayo anadikira. Malume anamukoka pang'ono, iye anakana. Anthu anayamba kutsokomola, ena kuyang'ana kudenga, mkwati kutsogolo akupukuta thukuta. Mkwatibwi anadikirabe. Kenako anakweza mutu n'kuyamba kuyenda. Mu holo monse munkangomveka nsapato zake. Podutsa pafupi ndi bambo ake, diresi linakoka nthambo ya gitala. A Dikirani anaikokera nthamboyo kwa iwo osatembenuka, ngati wadutsa ndi woperekera zakumwa.

Mkwatibwi anafika kutsogolo, malume anamupereka kwa mkwati, anthu anakhala pansi. Wotsogolera mwambo akuti atsegule pakamwa, m'pamene gitala inalira. Mayi uja sangakane, mawuwo anali okoma, ofewa, odzaza holo yonse, ndipo mtima wake unawira kuposa poyamba. Anayang'ana mwana wake. Mtsikanayo sanatembenuke.

A Dikirani anadzuka pamene anagwadapo, n'kusasa fumbi m'mawondo, nkhope ikuwala.

"Mayi, mwamva? Kamuuzeni mwana alowe tsopano."