Ampulifaya ya Tsiku la Chiliza

Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa, amuna anga, bambo a Chikondi, anagwa m'munda wathu wa kachewere ku Biriwiri, osadzukanso. Anali mlimi, koma mtima wawo unali pa kukonza mawailesi. Maliro atatha, anthu anayamba kubwera kudzafunsa mawailesi awo amene anatsala patebulo. Ndi mmene ndinayambira ntchitoyi.

Sukulu sindinapite nayo patali. Koma kwa zaka zambiri ndinali ine wogwira valiyaki, thiransifoma yolemera yokhala ndi chopotokola pamwamba, imene imakweza mphamvu ya magetsi pang'onopang'ono kuyambira pa ziro. Pakati pa valiyaki ndi wailesi ankalumikizapo babu. "Nangozo, maso pa babu," ankatero. "Likawala kwambiri, bweza msanga."

Chaka chitatha tinamanga chiliza chawo. M'mawa wa tsiku la mwambo, a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, anafika atasenza ampulifaya ya chimkuzamawu cha kutchalitchi kuti ndiiyese. Inali italira komaliza pa maliro omwe aja, kenako inagona m'kabati dzinja lonse, denga likudontha.

"Mayi, ingoibayani pasoketi. Anthu ayamba kale kusonkhana kumanda."

"Chinthu chogona nthawi yaitali sachidzidzimutsa, bambo."

Ndinailumikiza pa valiyaki n'kuyamba kupotokola. Poyamba babu linangofiira ngati khala. Nditafika pakati, sipika inang'ung'udza, babu linawala mwadzidzidzi, ndipo ndinamva kafungo kopserera. Ndinabweza pa ziro, n'kuzula pulagi. Nditatsegula, kapasita yaikulu, yosunga mphamvu ya magetsi, inali itatupa. Ndinakhuthula kachitini konse ka zipangizo za malemu, yofanana nayo munalibe. Inali yokasaka ku Ntcheu boma.

"Ndiye amuna anu tikawaimbire opanda chimkuzamawu?" anafunsa a Kamwendo. "Munthu amene ankatikonzera tonsefe?"

Ndinasiya ampulifaya ija patebulo, n'kunyamuka kupita kumanda.

Kumanda abusa analalikira ndi pakamwa pokha, mphepo ya m'phiri ikumwaza mawu. Pamene ankanena mbiri ya amuna anga, ine ndinamva theka. Azilamu anga sanandiyang'ane n'komwe, ndipo ena mpaka lero amati ndinachita ulesi.

Sabata yotsatira ndinakagula kapasita ija, n'kuiwotcherera ndi mtovu. Ndikanamvera zofulumira, ampulifaya ikanapseratu. Ikulirabe mpaka pano, pa maliro a anthu ena.

Masiku ano m'mawa ndimalima kachewere, masana ndimakhala patebulo lawo lija. Chilichonse chimene andibweretsera, kaya mwiniwake akufulumira bwanji, ndimayambira pa ziro.