Piritoni ndi kiyi wa minibasi

Ntchito ya pa famasi ku Old Town anandipezera ndi malume anga, amene ankalondera shopu yoyandikana nayo. Sukulu ndinali nditasiyira Fomu 2 nditayambana ndi aphunzitsi. Tsiku loyamba Mayi Banda, eni famasiyo, sanandibisire: "Za mtima wako wapachala ndamva. Ukadzangomenyana ndi kasitomala, uzipita."

Ntchito yanga inali kupukuta mashelefu, kutsegula makatoni ndi kuthandiza pa kauntala. Nyengo ya mphepo ndi fumbi, piritoni amayenda malonda kwambiri. Ndi timapiritsi tachikasu toletsa kuyetsemula ndi kuyabwa kwa ziwengo, koma timagonetsa.

Tsiku lina masana kunalowa dalaivala wa minibasi ya ku Area 47, maso ali psu, akuyetsemula motsatizana. Mayi Banda anali kumbuyo akulandira katundu. Dalaivalayo atapempha piritoni, ndinaika kapaketi pa kauntala, ndipo ndisanatsegule pakamwa, iye watapa atatu n'kumezera madzi.

"Achimwene, amagonetsa amenewo! Simungayendetse."

"Iwe ndiwe dokotala? Tazipukuta mashelefu uko!"

Magazi anandiwira. Ndinamutsatira mpaka kudepoti. Minibasi inali itadzaza kale, amayi ena ana ali pamiyendo. Atangoliza injini, ndinapisa dzanja pawindo n'kuzula kiyi. Anatsika n'kundigwira pakhosi. Chibakera changa chinali chitakungika kale, koma ndinachiponya m'thumba pamodzi ndi kiyiyo, n'kukuwa kuti onse amve zimene wamwa.

"Ndiye mumafuna mukatigwetsere mu mtsinje wa Lingadzi?" anatero mayi wina, akutsika ndi mwana wake.

Anthu atayamba kutsika, kondakitala anathamanga kukaitana dalaivala waganyu. Kiyi ndinapereka kwa ameneyo.

Ndinabwerera kolala itang'ambika, mumtima ndikuti ntchito yatha basi. Ndili mkati mofotokozera Mayi Banda, mnyamata wina woitanira minibasi anasuzumira pakhomo akuseka: "Mdani wako uja akuliza mkonono pa benchi, ntchentche zikuchita kulowa m'kamwa!"

Mayi Banda anandiyang'ana m'manja.

"Wamumenya?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Makatoni aja sadzitsegula okha."

Ndinapita kukatsegula makatoni aja.

Mpaka lero piritoni sindimuika pa kauntala. Amakhala m'dzanja langa, nditafumbata, mpaka munthu atandiyankha ngati akuyendetsa galimoto kapena ayi. Ena amatukwana. Atukwane, dzanja lofumbata mankhwala silimenya munthu.