Nyali za Mzime

Amayi anga ndi telala. Amasoka madiresi a ukwati, mayunifolomu a sukulu, ngakhale kukulitsa mathalauza a azibambo amene mimba inawapandukira. Za makono alibe nazo gawo, foni yomwe amaiyankha ngati yawalakwira. Ndiye tsiku limene ndinalowa m'chipinda chawo chosokera masana n'kuwapeza magalasi ali pamphuno, akukhapana ndi chilombo cha mitu iwiri mu gemu ya pa kanema, ndinangoti kukamwa yasa. Chikwama changa chinagwa pansi.

"Amayi! Ndinu kodi?"

"Choka apo, ukunditchinga," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Gemuyo inali ya mlongo wanga, amene tonse tinkangomuitana kuti Mzime poti ndiye anatsiriza kubadwa. Iye ali moyo, amayi ankadana nayo koopsa. Ankati munthu wa ndevu zake sangamataye nthawi ndi zidole, ndipo kangapo konse anazula chingwe pakhoma iye ali pakati pa nkhondo. Mzime anadwala masiku owerengeka n'kutisiya. Zovala zake tinagawa, koma kabokosi ka gemu amayi anakakaniza. Ine ndinkayesa akufuna akataye okha.

Gemu yake ndi yankhanza. Kamunthu kako, kali ndi lupanga ndi chishango, kamayenda mumzinda wakugwa wamdima, m'makwerero othyoka, m'ngalande ndi m'mapanga. Chilichonse chimene wakumana nacho chimafuna moyo wako. Ukaphonya pang'ono wafa, ukayambirenso pa nyali imene unadutsa komaliza. Nyalizo zili apo ndi apo m'njira, ndipo ukayatsa imodzi siizimanso.

Amayi anafa kosawerengeka. Poyamba ankasokoneza batani lomenyera ndi lothawira, n'kumagwera m'maenje akutukwana pang'onopang'ono, mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Koma anadzayamba kumenya nkhondo mmene amadulira nsalu ya kasitomala wovuta: kuyeza kaye, kuyezanso, sizasi pambuyo. Ankazungulira chilombo, chishango chili m'mwamba, kuonetsetsa mmene chimaponyera dzanja. Chikangotsegula nthiti, fyaa kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, kwinaku diresi la munthu wina likudikira zipi pa makina.

Ndinawafunsa mosabisa ngati mutu wawo unali bwino. Sanakwiye. Anayendetsa kamunthu kaja mpaka pa mlatho wina pamene panali nyali yoyaka.

"Ukuiona iyi? Sindinayatse ine."

Ndinasendera pafupi ndi kanema.

"Zonsezi anayatsa mlongo wako. Ine ndikungotsata mapazi ake."

Anandionetsa zambiri tsiku limenelo. Kuseri kwa mathithi kunali kanjira kobisika, ndipo kumapeto kwake nyali ikuyaka. "Taona kumene anafika mwana ameneyu! Koma ukamutuma kukatenga singano pa shelefu ankabwera chimanjamanja, amvekere palibe." Anaseka mpaka kuvula magalasi. Chimwalirire Mzime, kanali koyamba kuwamva akuseka, ndipo ine ndinatuluka panja kukalira.

Miyezi inapita, nyali zoyaka zinawafikitsa pa chitseko chachikulu chachitsulo pamwamba pa nsanja. Kuseri kwake kunali chimphona chomaliza. Pamenepo amayi analeka. Akamaliza ntchito ankayatsa kanema, kumenya njira yonse mpaka pa chitsekocho, kukhazika kamunthu kaja pansi pafupi ndi nyali, basi. Ine ndinkaganiza kuti akuopa, mwamuna wanganso ankaganiza chimodzimodzi.

Mwamuna wangayo amakonza mafoni, ndipo magemu amawadziwa kuyambira ali mnyamata. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi matenda amodzi: sangaone chinthu chitaima osachikonza. Loweruka lina tinapita kukacheza, amayi n'kutuluka kukagula ulusi. Ine ndinali kukhitchini. Ndinkamva malupanga akulira m'chipinda chosokera, osalabadira. Kenako ndinamva kukuwa kwa chimwemwe.

"Bwera udzaone! Ndawachotsera minga apongozi!"

Ndinapeza chimphona chili gone, nyimbo ikulira, mayina a opanga gemuyo akukwera pa kanema. Pamapeto gemu inafunsa ngati akufuna kupitiriza ulendo, iye n'kudina kuvomera. Kanema anada, n'kuwalanso. Kamunthu kaja kanali pachiyambi penipeni, pa chipata cha mzinda, mdima uli bii.

"Nyali zili kuti?" ndinafunsa.

"Ukamaliza imayambiranso. Zonse zimabwerera mwakale." Atandiyang'ana kumaso, chimwemwe chonse chinamuthera. "Bwanji kodi?"

Anadinadina paliponse, thukuta lili kamukamu, kufuna kubweza zakale. Sizinatheke. Gemu imeneyo imasunga ulendo umodzi wokha.

Amayi analowa ndi kapepala ka ulusi m'manja. Anayang'ana kanema, anayang'ana ife, anayang'ananso kanema.

"Nyali za mwana wanga zili kuti?"

Mwamuna wanga anagwada pansi. "Amayi, ndimati ndikuthandizeni. Ndimaona ngati chimphona chija chakukanikani."

"Chandikanika?" Mawu awo anali otsika moti ndinachita mantha. "Apongozi, ndapha zilombo zonse za mumzinda umenewu, chimodzi chikanandikanika? Mwana wanga anathera pa chitseko chija. Ndikanalowa, ndikanamusiya m'mbuyo."

Ine sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani. Mtima unandiwawa chifukwa cha amayi, unandiwawanso chifukwa cha bambo wamkulu uja atagwada pakati pa zidutswa za nsalu, misozi ili chuchuchu.

Amayi anakhala pa mpando wawo, kuvala magalasi, n'kutambasula dzanja. Mwamuna wanga anawapatsa chogwirira cha mabatani choyendetsera gemu. Anayenda mumdimamo osaphonya ngakhale khwerero limodzi, poti njira ankaidziwa ngati ya kumsika. Chilombo choyamba anachigwetsa osachiyeza n'komwe. Anafika pa nyali yoyamba, yozima, n'kuima pomwepo nthawi yaitali.

"Yatsani, amayi," ndinanong'ona.

"Ndikayatsa ine, ikhala yanga."

Anazimitsa kanema. Anatenga chidutswa cha nsalu yabuluu, kuchiyeza pa kabokosi kaja, kuchiyezanso, n'kukhala pa makina. Anasoka chophimbira chonga chimene amavundikira makina awo osokera, chopinda bwino m'mbali. Mpaka lero kabokosiko kali pa shelefu ya singano, pomwe paja Mzime ankati saonapo kanthu.