Muyeso wa Phazi la Amayi

Chaka chachiwiri titabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ine mutu wanga unali utasokonekera ndi chikondi. Ndinkathira mchere kawiri m'ndiwo, ndipo tsiku lina ndinapita kuchitsime n'kubwerako ndikuimba, ndowa ili gwa, yopanda madzi.

Mnyamata wake anali Mnyungwe wa ku Moatize kumigodi ya malasha, wosoka nsapato. Ankakwera kwathu ku Zóbuè kudzatenga zikopa, poti bambo anga anali ofufuta zikopa. Bambo ankamukonda chifukwa chikopa ankayamba wachinunkhiza asanachiyamikire. Amene anakanitsitsa anali amayi.

"Tangofika kumene, nyumba sinaume n'komwe, iwe ukuti utsikire kumalasha uko?" ankatero. "Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Ameneyo mákina ake osokerawo adzawasiya?"

Sakanawasiya, ndipo tonse tinkadziwa. Amalume nawo ananeneratu kuti za ukwati sayankhulapo mpaka mlongo wawo atavomera ndi pakamwa pake.

Nzeru ya nsapato inali ya mnyamatayo. Anaona kuti amayi amapita kutchalitchi atavala mapatapata omanga ndi waya, chifukwa nsapato zawo zachikopa zinatsalira pamtsinje tsiku lothawa. Anati awasokera zina. Vuto linali muyeso. Munthu wofunsira mbeta sayandikira apongozi, nanji kuwagwira phazi. Iye akakumana nawo panjira ankapatuka, ngakhale kuti masiku amenewo ankangopatuka phazi limodzi lokha, poopa mabomba okwirira m'tchire.

"Mukayeze ndinu," anandiuza. "Mudule tizingwe tiwiri. Kena kuchokera kuchidendene mpaka chala chachikulu, kena kozungulira phazi pamene pali potakata."

Ndinawapeza amayi akutong'ola chimanga. Ndinawanyengerera mpaka anatambasula mwendo, nkhope atayang'ana kumbali.

"Fulumira ndisanasinthe maganizo."

Chingwe panalibe pafupi. Ndinathamangira kuseri kumene bambo ankagwirira ntchito, ndipo ndinapeza timalamba tomwe anacheka m'mbali mwa chikopa cha ng'ombe chimene anali atangochivuula m'madzi a phulusa, aja ochotsera ubweya. Tinali tofewa, toterera, tomvera dzanja. Ndinayeza, n'kukoka ndithu kuti muyeso ukhale weniweni, n'kudula. Ndinadziona ngati mkazi wanzeru kuposa onse a m'phirimo.

M'mawa mwake ndinakwera kaminyao, lole ya mbatata yopita ku Moatize. Timalamba tija tinkanunkha, ndipo sindikanalola kuti ndifike kwa mwamuna ndikununkha chikopa chachiwisi, choncho ndinatiyanika pamwamba pa dengu langa. Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Tinanyamuka m'nkhungu ya kwathu, koma pofika kuchigwa mphepo yomwe inali ngati yochokera m'ng'anjo. Ine zonsezo sindinazimve, ndinkangosekerera mitengo.

Ofisina yake, mosokera nsapatomo, inali kakhumbi ka malata pafupi ndi njanji. M'katimo munali nsapato zikuluzikulu za anthu a kumgodi zodikira zigamba, mpeni wosula kuchokera ku sowo yakale, kachitsulo kobowolera ka sipoko ya njinga kokhala ndi ngowe kunsonga, ndi mpira wa phula wopakira ulusi kuti usaole. Pakati panali mákina aja, akuda, a mkono wautali wotha kulowa mpaka kunsonga kwa nsapato. Ankawapukusa ndi dzanja, ndipo kaphazi kake kankatembenukira kulikonse popanda kutembenuza chikopa. Anandilola kupukusa. Ndinathamangitsa, singano inathyoka, tonse tinaseka ngati tachita chinthu chanzeru.

Kenako anatenga timalamba tija. Tinali titauma gwa, titapindika. Anatiwongola pathabwa n'kuyeza.

"Amayi ali ndi phazi laling'ono chonchi?"

"Ngati langa," ndinayankha monyada, ndikulitulutsa pang'ono pansi pa nsalu.

Munthu ameneyu anakulira m'zikopa, ineyo ndinabadwira m'zikopa. Koma maso ake anali pa phazi langa, ndipo palibe anafunsa chilichonse.

Anasema zikombole zamtengo motsatira muyesowo. Pamwamba anasoka ndi mákina, pansi anasoka ndi dzanja, kubowola kamodzikamodzi n'kumakoka ulusi wa phula mpaka zala kutupa. Patatha masabata awiri anakwera nazo.

Linali Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Amalume analipo, azakhali analipo, azimayi oimba kwaya ndi amayi anadzaza bwalo. Mnyamatayo anakakhala kuseri kwa nkhokwe, kumangooneka mawondo. Nsapatozo zitatuluka m'nsalu, anthu anaombera m'manja. Zinali zofiirira, zonyezimira, misoko yake yowongoka ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama. Ine chimwemwe chinkandikweza m'mwamba.

Amayi analowetsa phazi. Zala zinalowa, chidendene chinatsala kunja.

"Kankhani, a mvula zakale!" anafuula mayi wina wa kwaya. Wina anathamangira sopo, wina supuni. Azakhali anagwira mwendo, akwaya aja anagwira nsapato, ndipo anakankhana mpaka mpando unagwa chagada. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Amayi okha ndi amene sanaseke.

"Mmisiri wanu uja ndi ameneyu?" anandifunsa.

Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka dzanja litagwira timalamba tija, ndipo amalume anatipereka kwa bambo. Bambo anatipinda, anatinunkhiza, kenako anandiyang'ana.

"Iwe, timeneti unatitenga pati?"

"Pachikopa chija munavuula m'phulusa."

"Chonyowa?"

"Eya."

"N'kutiyanika padzuwa la ku Moatize?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. "Mwana wa wofufuta zikopa! Nanga ng'oma timaikunga bwanji? Chikopa chosafufuta chikauma chimakhwinyata, ngakhale mbuzi ikudziwa! Ndipo winayo, mestre, mmisiri wathunthu, analandira osafunsa!"

Amayi anadzuka, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kuseka kunatha. Ndinadziwa kuti ndadziphera ndekha ukwati, ndipo ndinayamba kulira mosabisa, anthu onse akuona.

Chitseko chinalira, chinatseguka pang'ono, ndipo panatuluka phazi. Phazi lokha, lopanda mwini, linaponda pakhonde.

"Achimwene," anatero mawu m'katimo, "muuzeni mlendoyo ayeze yekha. Wangayu mutu wake suli bwino."

Azakhali anagwira pakamwa. Zoterezi kwathu zinali zisanachitikepo. Mnyamata uja anachoka kunkhokwe akuyenda ndi mawondo, akuomba m'manja, nkhope atapotolera kumbali ngati nkhuku yoonera kabawi. Anayala pepala la thumba la simenti pansi pa phazilo, n'kuyamba kulizunguliza ndi khala.

Ine phazi limenelo ndinaliyeza ndi manja anga, koma tsiku limenelo m'pamene ndinaliona. Linali lotakata, chidendene chili ming'alu yokhayokha, ndipo chala chachikulu chinalibe chikhadabo. Chinazuka ulendo uja wothawa, amayi atabereka mng'ono wanga, ine akundikoka padzanja. Khala lija litafika pachidendene linaima.

"Amalume," anatero iye chapansipansi, "auzeni mayi kuti kumbuyo kuno ndidzayalako chikopa cha mbuzi chofewa, kuti ming'aluyi isamawapweteke poyenda."

Phazi lija linabwerera pang'onopang'ono.

"Achimwene, muuzeni kuti ndamva. Zazing'onozo asataye. Apatse mkazi wake."

Amalume anatsegula pakamwa kuti abwereze uthengawo, koma nthungululu za azakhali zinawaposa. Ine ndinali nditalumpha kale, misozi ili kumaso, ndikuvina ndi nsapato imodzi m'manja, inayo ndikuifunafuna pansi pa mpando wogwa uja.

Ndinazivala pa ukwati wanga, ndipo zinandikwana ndendende. Amayi anakhala kutsogolo atavala zawo. Kaminyao yonditengera ku Moatize itanyamuka, anaithamangira mpaka pamphambano, nsapatozo atazivula, atazikumbatira pachifuwa kuti zisade ndi fumbi.